Chala cha Costel

"Bwezani mbale yangayo, mayi a Ilinca! Ndati bwezani!"

"Sindibweza. Kalipani mpaka denga ligwe, koma mafuta a nkhumba awa simudya."

Viorica adaima pafupi ndi mbaula, mbale ataibisa kumbuyo. Mwamuna wake, Costel, adali patebulo, phazi lamanja lokulungidwa bandeji atalisanjika pa kampando. Anyezi adali atadula kale, buledi atanyema kale, mpeni uli m'manja, koma ndiwo ndiyo idalandidwa.

"Lero ndi tsiku lomaliza kudya zonona," adatero Costel. "Mawa tiyamba kusala mpaka Khrisimasi, masiku makumi anayi osalawa nyama, dzira kapena mkaka. Ngakhale wansembe panopa akutafuna soseji. Ine ndalakwanji?"

"Wansembe chala chake sichikuwola."

"Sichikuwola ichi! Ndi kabala ka jombo chabe."

"Kabala ka jombo ka milungu itatu? Namwino wanena pamaso panu m'mawa womwe uno. Shuga wakwera zedi, ndipo mukapanda kusintha kadyedwe chala chakumapazichi chidulidwa. Kapena makutu munawasiya kunkhalango limodzi ndi nkhwangwa?"

Mayi ake a Costel, a Saveta, amene ankasenda adyo pafupi ndi zenera, adatsonya mokweza kuti aliyense amve.

"Mpongozi, munthu wodula mitengo ukamumana mafuta umudyetsa chiyani? Mphepo? Bambo ake ankadya mafuta a nkhumba m'mawa uliwonse n'kutsitsira kachasu wa mapulamu, ndipo anamwalira ndi zala zawo zonse."

"Anamwalira asanakwanitse zaka makumi asanu ndi limodzi, amayi."

"Koma ndi zala zonse!"

Viorica adapisa m'thumba la epuloni natulutsa pepala lonyezimira limene namwino adampatsa. Namwinoyo, Doina, amabwera m'mudzi muno Lachinayi lokha, ndipo amapeza anthu makumi anayi atandanda pakhonde. Adambaya Costel pachala cha kumanja, adapukuta bala, adalemba mapilitsi, nati, "Zonse zili papepalapo, mayi Viorica. Wotsatira!" Basi, uphungu wonse udathera pamenepo.

Papepalapo padali banja la mano oyera likuseka mozungulira tebulo. Padali nsomba yofiira ya m'nyanja zakutali, mapeyala, mafuta a maolivi, ndi timbewu tina ta dzina lopinda lilime. Pamwamba adalemba ndi zilembo zazikulu kuti: PEWANI MAFUTA NDI SHUGA, IDYANI ZOPEPUKA.

"Tandiwerengera," adatero a Saveta. "Nsomba imeneyo imapezeka mumtsinje uti kuno ku Romania?"

"Sindikudziwa, amayi."

"Nanga chobiriwiracho?"

"Peyala. Ilinca akuti ku Italy amadya. Kutauni ndinaliona kamodzi, limodzi mtengo wake ndi mazira khumi ndi awiri."

"Mazira khumi ndi awiri!" Costel adaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti kuchira n'kwa nduna za boma. Ife amphawi tizingodulidwa pang'onopang'ono ngati soseji."

"Musaseke, bambo a Ilinca. Ine mtima uli phaphapha, inu mukuseka."

Adanena zoona. Mantha adali atamugwira Viorica kuyambira m'mawa, ndipo mutu udali utaima. M'nyumbamo ndalama yolowa idali penshoni ya a Saveta yokha, poti Costel ndi phazi lakelo sakadapita kunkhalango. Adachotsa chitini cha shuga patebulo, nakachitsekera m'kabati limodzi ndi mafuta a nkhumba aja, kiyi n'kumangirira pa lamba wa epuloni.

M'mawa mwake adapita kugolosale ya Rodica, pepala lili m'manja. Golosale m'mudzi muno ndi imeneyo basi, ndipo Rodica ndi mayi wa pakamwa potsekemera, woti akhoza kukugulitsa madzi a m'chitsime chako chomwe iwe n'kumuthokoza.

"Achemwali, ndamva za a Costel," adatero Rodica. "Pepani kwambiri. Koma muli ndi mwayi, matendawa agwa pa nthawi yake."

"Mwayi wake uti pamenepa?"

"Si tayamba kusala lero? Tawerengani pepala lanulo. Pewani mafuta, idyani zopepuka. Nanga chopepuka kuposa chakudya cha nyengo yosala n'chiyani? Mulungu anaziona kale izi madokotala asanabadwe. Taonani shelefu iyi."

Shelefu yonse idali ya zinthu zomatidwa chizindikiro chobiriwira chosonyeza kuti wosala akhoza kudya. Padali majarini, soseji yopanda nyama, mabisiketi, makaroni, mpunga, ndi juwisi wa m'mabokosi.

"Juwisiyu alibe shuga?" adafunsa Viorica.

"Werengani nokha. Sanathiremo shuga, ndi zipatso zokhazokha. Mabisiketi awa alibe dzira, alibe mkaka, mukhoza kudya paketi yonse m'mimba muli mbee. Odwala onse a kutauni akudya zimenezi."

"Zokongola ndithu. Koma thumba langa ndi lobooka, Rodica."

"Ndani wanena za ndalama? Muli ndi mitengo iwiri yobala mtedza wa zikamba zolimba kuseri kwa nyumba, ndinaona mukuyanika matumba atatu. Muli ndi nyemba. Nkhuku zanu sizidziwa kuti tikusala, zikuikirabe, ndipo mazirawo simudya. Tchizi cha nkhosa chija chingokhala m'mgolo mpaka Khrisimasi. Bweretsani zonsezo tisinthane. Amuna anga amapita nazo kumsika wa kutauni Loweruka lililonse."

Viorica adakanda m'mutu kupyolera pa mpango. Panali china chake chimene sichinkalumikizana.

"Tadikira. Ngati anthu a kutauni akudya mabisiketi kuti akhale athanzi, nyemba zathu akuzifuniranji?"

"Mafashoni, achemwali! Olemera amakonda kuyesera umphawi kamodzi pamlungu. Inu nyemba simukuzidziwa? Zimalemera m'mimba, munthu kutupa ngati ng'oma. Mtedza ndiye mafuta okhaokha, mukaufinya pachala umanona. Pepala lanu lati chiyani za mafuta?"

"Lati tipewe."

"Ndiye mukufunsanso chiyani?"

Kunena zoona, sindikhulupirira kuti Rodica ankadziwa kuti akunama. Iye ankangodziwa kuti mtedza kutauni umayenda malonda, ndipo mabisiketi ake adali atakhalitsa pashelefu. Tsiku lomwelo Viorica adakankha wilibala kawiri kupita kugolosale, ndipo adabwerako ndi zikwama zowala mitundumitundu. Adazindandalika pashelefu ya kukhitchini monyadira, mtima utakhalako pansi.

Patatha milungu iwiri, Costel adaponya supuni patebulo.

"Mayi a Ilinca, chaka ndi chaka tikamasala mumaphika nyemba za adyo ndi kabichi wowawasa uja. Chaka chino zili kuti?"

"Nyemba zikupita kwa Rodica. Kabichi ali ndi mchere wambiri, ndamuvundikira."

"Ndiye ine ndizidya mapepala? Sosejiyi ikukoma ngati chidendene cha nsapato. Ndikadya makaroni mbale ziwiri, pakangotha ola njala yabwerera. Buledi ndikumaliza mtanda wonse ndekha."

"Buledi idyani mmene mungathere, alibe mafuta. Mbatatesi ziliponso, ndakazinga ndi majarini."

"Ndiye ludzu ili? Kukhosi kukuuma ngati ndameza phulusa."

"Imwani juwisi, ndi zipatso zokhazokha."

A Saveta adalowa ndi kabotolo ka uchi, natunga supuni yodzaza n'kumuika mwana wawo pakamwa, bambo wa imvi zake.

"Amayi!" adakuwa Viorica. "Chotsekemera chimenecho!"

"Uchi si shuga, mpongozi. Shuga amapanga ndi anthu kufakitale, uchi amapanga ndi njuchi za Mulungu. Unamvapo kuti njuchi yadulidwa mwendo?"

"Koma pepala..."

"Pepala, pepala! Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zikwama zakozo n'zowala kunja kokha. Mwana wanga akuonda, taona lamba wafika pa bowo lomaliza."

"Kuondako ndiye kuchira, amayi. Anthu a papepala onse ndi owonda."

Adanena molimba mtima, koma m'kati mwake sadali wotsimikiza chilichonse. Madzulo a tsikulo mwana wawo Ilinca, amene amasamala nkhalamba ku Italy, adaimba foni. "Amayi, apatseni makaroni tsiku lililonse. Nkhalamba za kuno zimadya zomwezo ndipo zikufika zaka makumi asanu ndi anayi." Mkazi wa wansembe naye adati kusala kumayeretsa magazi. Mnansi wina adati amwe madzi a masamba a mabulosi, wina adati asadye chilichonse chofiira. Viorica ankamvera onse, ndipo aliyense akamalankhula ankaoneka ngati ndiye wolondola.

"Mapanga awiri avumbwitsa," adadandaula Costel. "Ife tili ndi mapanga asanu ndi awiri. Pitani mukafunse namwino, safunsa anadya phula."

Adapita. Lachinayi loyamba namwino sadabwere, msewu udatsekeka ndi chipale chofewa. Lachinayi lachiwiri Viorica adaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka masana, Costel atatsamira paphewa pake. Atalowa, Doina adali kulemba uku foni ili pakhutu.

"Timapepala toyezera shuga tatha, mubwere mlungu wamawa. Balali muzitsuka ndi madzi a mchere, nayi bandeji."

"A namwino, ndifunseko. Tikudya za nyengo yosala zokhazokha. Nyama ayi, mafuta a nkhumba ayi, shuga ndinatsekera. Tikuchita bwino?"

"Bola mwasiya mafutawo, mayi. Pitirizani. Wotsatira!"

Abale inu, mawu amodzi okhawo, pitirizani! Namwinoyo akadakhala ndi mphindi zitatu zoti afunse kuti m'mbale mukumakhala chiyani, nkhani ino ikadathera pompa. Koma midzi isanu ndi umodzi, namwino mmodzi, galimoto ikumudikira panja. Viorica adatuluka akumwetulira, nadutsira kwa Rodica kukasinthitsa thumba lomaliza la nyemba.

Tsiku la Ignat lidafika, masiku asanu Khrisimasi isanakwane, tsiku limene khomo lililonse limapha nkhumba yake. Anansi adabwera m'mamawa ndi zingwe ndi udzu wowaulira. Chikwatirire, nkhumba ya pakhomopo ankabaya ndi Costel mwini, ndipo sadafune kumva zoti chaka chino abaye wina.

"Ndipatseni jombo zanga."

"Mukunjenjemera, bambo a Ilinca. Thupi lanu likutentha."

"Ndati jombo! Anthu azinena kuti Costel wabwereka mwamuna woti amuphere nkhumba?"

Phazi lidakana kulowa. Adakankha, adatukwana, kenaka adakhala pansi thukuta lili kamukamu. Kwa masiku anayi adali asakulola kuti mkazi wake aone balalo, ankati akutsuka yekha. Viorica adagwada namasula bandeji mwamakani, ndipo fungo lidamufika asanaone n'komwe. Chala chachikulu chidali chakuda bii, ndipo kufiira kudali kutakwera mpaka pakati pa phazi.

"Mayo ine! Munandibisira chifukwa chiyani?"

"Mumayesetsa kwambiri," adatero Costel motsitsa mawu. "Ndimaopa kukugwetsani ulesi."

A Saveta adaona, nadzilemba chizindikiro cha mtanda katatu. Nkhumba idabwezedwa m'khola. Galimoto yokhayo imene inkapita kutauni tsikulo idali ya mwamuna wa Rodica, yodzaza katundu wa msika wa Khrisimasi. Costel adamukhazika kutsogolo, Viorica adakwera kumbuyo. Atayenda kamtunda ndithu m'pamene adazindikira kuti thumba la nyemba limene adakhalirapo lidali lake lomwe, la chigamba cha buluu chosoka iye mwini.

Kuchipatala adamulandira ndi dokotala wamkazi, wamng'ono msinkhu ngati Ilinca, maso ofiira ndi kutopa. Adaona phazi, adaona zotsatira za magazi, nayitanira Viorica pambali.

"Mayi, mapilitsi amamwa?"

"Osaphonya, adokotala."

"Nanga akudya chiyani? Nenani zonse, kuyambira m'mawa."

Apa Viorica adawongoka. Pa funso ili lokha ndiye adalibe mlandu.

"Zopepuka zokhazokha. M'mawa buledi woyera ndi majarini, ndi juwisi wa zipatso. Masana makaroni kapena mpunga, madzulo mbatatesi. Akamva njala pakati, mabisiketi a osala. Nyama sanalawe, dzira sanalawe. Shuga ndinakhoma m'kabati, kiyi ndi uyu."

Dokotala adatseka maso kanthawi.

"Mayi anga, mwakhala mukumudyetsa shuga milungu isanu."

"Shuga uti? Ndati kiyi ndi uyu!"

"Buledi woyera akalowa m'thupi amasanduka shuga. Makaroni, mpunga, mbatatesi, mabisiketi, zonsezo chimodzimodzi. Juwisi ndiye shuga wamadzi weniweni."

"Buledi?" Viorica adaseka kaseko kopanda chimwemwe. "Buledi satsekemera, adokotala. Buledi ndi amene timanyema kutchalitchi."

"Ndikudziwa. Koma ndi mmene thupi limachitira. Kodi kumudziko mulibe nyemba? Kabichi, mazira, mtedza, tchizi pang'ono? Zimenezo ndiye akadadya. Ndipo wodwala sasala, wansembe aliyense akadakuuzani."

"Nyemba zimalemera m'mimba."

"Kulemerako n'kumene kumathandiza. Zimakhalitsa, shuga sakwera msanga."

"Mtedza ndi mafuta okhaokha."

"Mafuta abwino."

"Mafuta abwino? Aliponso abwino?" Adatulutsa pepala lija, lomwe tsopano lidali lothothoka m'mbali. "Apa analemba kuti pewani mafuta. Nyemba palibepo apa, adokotala. Kabichi palibepo. Ndayang'ana usana ndi usiku, chakudya cha kwathu palibepo ngakhale chimodzi. Ine ndimati chathuchi ndiye chomwe chamudwalitsa."

Dokotala adalitembenuza pepalalo, nalibweza.

"Awa analembera anthu a kulikulu. Pepani, ndilibe nthawi, akundidikira. Chala tichotsa lero. Shuga akapanda kutsika mlungu uno, balalo silipola, ndipo tidzachotsa phazi lonse. Chimene alowetse pakamwa kuyambira lero ndicho chigamule."

Adapita akuthamanga. Viorica adatsala pakhonde, pepala m'dzanja ili, kiyi m'dzanja linalo. Adafuna kukwiya koma sadadziwe kuti akwiyire yani. Rodica? Namwino? Apongozi ndi uchi wawo? Aliyense adali atamuuza kanthu komveka, ndipo iye adachita zonse mokhulupirika, ndi manja ake omwe.

M'mawa mwake adamulola kulowa. M'chipindamo mudali mabedi asanu ndi limodzi, amuna okhaokha a kumidzi, aliyense phazi lokulungidwa. Wina adalibe mwendo kuyambira m'bondo. Costel adali pabedi la pakona, nkhope itagwa, koma adayesa kumwetulira.

"Zatsala zisanu ndi zinayi, mayi a Ilinca. Mukawauze amayi kuti bambo anandiposa."

"Musayambe zoseka zanuzo."

"Njala, mkazi wanga. Chidyere dzana. Ndikhoza kudya bulangeti ili."

Nthawi yomweyo chitseko chidatseguka, ndipo mayi wonenepa wa kukhitchini adalowa akukankha ngolo ya chakudya. Pa kabati ka bedi lililonse adaikapo mbale ya mpunga wophika ndi mkaka, wowaza shuga pamwamba, mabanzi awiri oyera, ndi kapu ya tiyi.

Viorica adayang'ana mbaleyo, nayang'ana mayiyo.

"Pepani, achemwali, mwina mwasokoneza. Awa ndi a matenda a shuga."

"Onse muno ndi a shuga, mayi."

"Koma dokotala wanena dzulo kuti mpunga ndi buledi woyera..."

"Dokotala amanena zake, kukhitchini timaphika zimene zabwera. Poto ndi mmodzi chipatala chonse. Tiyi tathiramo kale shuga, musafunse wina."

"Ndiye adye kapena asadye?"

"Ine ndimagawa mbale, mayi, sindigawa nzeru. Pakatha theka la ola ndibwera kudzatenga."

Ngolo idatuluka ikulira mateyala. Amuna asanu aja adali atayamba kale kudya, masupuni ali kwekwekwe, wopanda mwendo uja akuviika banzi mu tiyi. Viorica adathamangira pakhonde kukafuna dokotala. Adamuuza kuti ali kochita opaleshoni mpaka madzulo. Namwino wa pamenepo adati, "Ngati chabwera kuchokera kukhitchini ndiye kuti n'chovomerezeka," osadzutsa n'komwe mutu.

Pobwerera adapeza Costel atakoka mbale, supuni ili m'manja.

"Ndi chipatala chino, mayi a Ilinca. Angatipatse chotipha?"

"Sindikudziwa."

"Anzangawa akudya."

"Taonani miyendo yawo."

Costel adayang'ana, koma supuni sadaisiye. Njala ilibe manyazi. Viorica adadziwa kuti akangotembenuka, mbaleyo iyera. Kutaya sakadatha, pakuti kwathu kuno kutaya buledi ndi tchimo limene ngakhale chidakwa sichichita. Kupatsa a pabedi loyandikana kukadakhala kumudula phazi munthu wa eni. Ndipo mumpungamo mudali mkaka, pamene iye chiyambire ali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri adali asanaphwanyepo kusala ngakhale tsiku limodzi. Kudatsala masiku anayi okha.

Adamulanda supuni. Adatenga mbale, mabanzi ndi kapu, nakhala m'mphepete mwa bedi chomufulatira. Adadzilemba chizindikiro cha mtanda, nayamba kudya.

"Viorica! Muli mkaka mmenemo!"

Viorica ankameza mothamanga, osatafuna, misozi ikutsikira m'mbale momwemo.

"Viorica, nanga ine ndidya chiyani?"

"Sindikudziwa, Costel," adatero pakamwa pali todzaza. "Ndithu sindikudziwa. Koma ichi ayi."

Adamaliza mabanzi onse awiri, adagugudiza tiyi, kenaka adapala mbale ndi supuni mbali zonse, kuti pasatsale ngakhale kanjere kamodzi koti mwamuna wake angatole.